Sitima zilipo koma zagona padoko: nkhani ya asilikali apamadzi a ku South Africa

Chaka chimodzi chili ndi maola 8,760. Igwireni nambala imeneyi, chifukwa nayo mungathe kumvetsa vuto la asilikali apamadzi a ku South Africa ngakhale musakudziwa dzina la mzinga ndi umodzi womwe.

Chaka ndi chaka unduna wa zachitetezo wa dzikolo umatula lipoti ku Nyumba ya Malamulo ku Cape Town. Ndi chibuku chonenepa, chodzaza matebulo, koma muli mzere umodzi umene aphungu ndi atolankhani amathamangira: maola amene sitima zonse zankhondo, kuziphatikiza pamodzi, zinakhala zili panyanja. Mulingo umene boma ladziikira m'zaka zaposachedwapa ndi maola 8,000. Ndiye kuti sitima imodzi yokha, itanyamuka pa 1 Epulo pamene chaka cha boma chimayamba kumeneko n'kudzakocheza pa 31 Malichi chaka chinacho, ingaupitirire mulingowo payokha. Koma m'chaka cha 2022/23 sitima zonse zinangokwanitsa maola pafupifupi 2,770. Chaka chotsatira anatsikanso kufika pa 2,641. Mukagawa ndi 24 mupeza masiku 110.

Masiku 110 a sitima imodzi, kuti alondere gombe lotalika makilomita pafupifupi 2,800, kuyambira pomwe mtsinje wa Orange umathira m'nyanja kumalire ndi Namibia, kuzungulira ku Cape, mpaka ku Kosi Bay kumalire ndi Mozambique. Gombelo n'poyambira chabe. Pangano la mayiko lokhudza nyanja limapatsa dziko lililonse la m'mbali mwa nyanja umwini wa nsomba, mafuta ndi miyala ya pansi pamadzi mpaka makilomita 370 kuchokera kumtunda. Kwa South Africa, mukaonjezapo madzi ozungulira zilumba zake zakutali kum'mwera za Marion ndi Prince Edward, deralo limakwana masikweya kilomita pafupifupi 1.5 miliyoni, kuposa mtunda wonse wa dzikolo. Malawi yense, ndi nyanja yake yomwe, angalowemo ka 12 malo n'kutsalako.

Mwina mukuti ife a chambo ndi usipa zikutikhudza pati. Mafuta amene timafolera pamapampu amatsikira ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Makontena ambiri amene amadutsa pa Mwanza ndi pa Dedza ulendo wawo wa pamsewu umayambira padoko la Durban, ndipo kopa wa ku Zambia amatulukiranso madoko omwewa. Mu Meyi 2024, pamene zingwe ziwiri za intaneti za pansi panyanja zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, mafoni anavuta mpaka ku Lilongwe. Ndipo m'chigawo chonse cha SADC, dziko lokhalo limene lili ndi sitima za pansi pamadzi komanso sitima zikuluzikulu zankhondo zotha kupita kutali n'kukhalitsa kumeneko ndi South Africa. Sitima zake zikagona, nyanja ya tonsefe yagona yopanda mlonda.

Ntchito yawo kwenikweni

Malamulo aakulu a dzikolo a 1996 amati ntchito yoyamba ya asilikali ndi kuteteza dziko, malire ake ndi anthu ake. Kwa a pamadzi ndiye kuti azikhala okonzeka kumenya nkhondo panyanja. Koma tisanamizane, palibe dziko limene likukonza zokaphulitsa Durban mawa m'mawa. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ili ngati ya mlonda wa pamunda wa chimanga: kuoneka. Mbava ikadziwa kuti mlonda amazungulira usiku imachita mphwayi. Ikadziwa kuti amangokhala m'kanyumba kake, imabwera ndi ngolo.

Mbava za panyanja zili mitundumitundu. Pali sitima zakunja zopha nsomba mopanda chilolezo. Mu Meyi 2016 sitima ziwiri za asilikaliwa, SAS Amatola ndi SAS Drakensberg, pamodzi ndi sitima ya boma yoyang'anira zausodzi, zinagwira sitima zitatu za ku China n'kuzikusira kudoko la East London. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 nsomba zodula kwambiri za m'madzi ozizira a ku Marion zinakokoloka pafupifupi zonse ndi asodzi akuba, poti kunalibe wowaletsa. Pali anthu ozembetsa nkhono za perlemoen zimene zimakagulitsidwa pamtengo woboola m'thumba ku Hong Kong. Palinso mankhwala ozunguza bongo a heroin, amene amachokera kugombe la Pakistan ndi Iran pa mabwato amatabwa, kutsikira kumpoto kwa Mozambique, kenako n'kuyenda pamsewu mpaka ku Johannesburg. Apolisi ndi a zausodzi ali ndi maboti awo, koma amene angathe kupita patali nyanja itakwiya n'kukhala komweko milungu ingapo ndi asilikali.

Kupulumutsa anthu ndi ntchito inanso. Pa 4 Ogasiti 1991 sitima ya alendo yotchedwa Oceanos inamira kufupi ndi Coffee Bay. Asilikali apamadzi odziwa kumira anatsitsidwa pasitimayo ikupendekeka, n'kumamangirira anthu pazingwe za mahelikoputa. Anthu onse 571 anapulumuka. Ndiye pali ntchito ina yosamveka dzina koma yofunika zedi: kuyeza kuya kwa nyanja ndi kujambula mapu amene oyendetsa sitima zamalonda amadalira kuti asagunde miyala. Ofesi ya asilikaliwa ndi imene imatumizanso machenjezo kwa sitima zonse zoyenda m'chigawo chachikulu cha nyanja chofika mpaka ku Antarctica. M'dziko limene katundu woposa 90 pa 100 aliyense wolowa ndi wotuluka amayenda pamadzi, mapu olakwika angaimitse chuma chonse.

Zimene anagula

Likulu la asilikaliwa lili ku Pretoria, mzinda wopanda gombe n'komwe, koma sitimazo zimakhala ku Simon's Town, ndipo zina zochepa ku Durban. Amene anakwerapo sitima yapamtunda yochokera ku Cape Town kudzera ku Muizenberg ndi Fish Hoek, ija imayenda mafunde akumenya m'mbali mwa njanji, akudziwa kuti imathera pa Simon's Town pomwepo. Mukatsika n'kukwera phiri pang'ono, doko lonse limaoneka pansi ngati lili m'mbale. Sitima zotuwa ngati phulusa zitandandalika, mbendera zikupepeluka, anyamata ovala zoyera akuyendayenda. Munthu ukhoza kubwerera kwanu utakhutira kuti dzikoli n'lotetezeka. Chikomekome cha mkuyu.

Zambiri mwa sitima zimenezo zinabwera ndi mgwirizano waukulu wogula zida wa 1999, umene poyamba unali wa ndalama pafupifupi R30 biliyoni. A pamadzi anapatsidwa sitima zinayi zikuluzikulu zankhondo za mtundu wa frigate, iliyonse yotalika mamita 121, ndi sitima zitatu za pansi pamadzi, zonse zomangidwa ku Germany. Zinayamba ntchito pakati pa 2005 ndi 2008. Mayina ake anasankhidwa mosamala. Isandlwana ndi phiri limene Azulu anagonjetsera asilikali a Britain mu 1879. Mendi ndi sitima imene inamira pa 21 Febuluwale 1917 kufupi ndi England, n'kupha anthu oposa 600, ambiri a iwo amuna akuda amene ankapita kukagwira ntchito kunkhondo ku France. Zinazo ndi Amatola ndi Spioenkop. Za pansi pamadzi zinatenga mayina a amayi atatu otchuka: Manthatisi, Charlotte Maxeke ndi Queen Modjadji I.

Mgwirizanowo unanunkha katangale kuyambira pachiyambi. Tony Yengeni, amene anali mkulu wa aphungu a ANC, anapezeka wolakwa mu 2003 pankhani ya galimoto imene anaipeza motchipa kuchokera ku kampani ina yokhudzidwa ndi malondawo. Schabir Shaik, mlangizi wa zachuma wa Jacob Zuma, anagamulidwa kukhala kundende zaka 15 mu 2005. Mlandu wa Jacob Zuma ndi kampani ya ku France ya Thales, imene inaika zipangizo zomenyera nkhondo m'ma frigate, wakhala ukukokedwa m'makhothi kwa zaka zambirimbiri, ndipo onse awiri amaukana. Zimenezi zinasiya chilonda. Mpaka lero munthu akati asilikali akufunika ndalama, anthu ambiri ku South Africa amayamba akumbuka za 1999.

Koma sitimazo zinali zabwino, pamenepo palibe kukana. Mu 2007, pa masewera oyeserera nkhondo ndi gulu la sitima za NATO, mgwirizano wa zankhondo wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, kufupi ndi Cape Town, SAS Manthatisi inazembera sitima zonsezo osaoneka, ndipo pamapeto pake zonse zinawerengedwa kuti zamizidwa. Asilikali akale amaikambabe nkhani imeneyi monyadira, mwina chifukwa nkhani zotere zakhala zosowa.

Walira mvula walira matope

Kugula sitima ndi tsiku limodzi. Kuisunga ndi zaka 30, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Madzi amchere sagona. Amadya chitsulo usana ndi usiku, kaya sitima ikuyenda kaya yamangidwa padoko. Kunsi kwake kumamera tinkhono ndi ndere zimene zimailemeretsa n'kuichititsa kumwa mafuta ambiri. Mapampu osazungulira amauma, mphira zotsekera madzi zimang'aluka, mawaya amachita dzimbiri m'malo osaoneka. Sitima ya pansi pamadzi imayendera mabatire mazanamazana, lililonse lolemera kuposa munthu, ndipo amatha mphamvu pakapita zaka kaya agwira ntchito kaya ayi. N'chifukwa chake sitima iliyonse ili ndi ndondomeko yake: sevisi yaing'ono pakapita miyezi, yokulirapo pakapita zaka zingapo, ndiyeno yaikulu imene amailowetsa m'doko louma, kupopa madzi onse, kuboola pambali, kutulutsa injini n'kuziphwasula. Sevisi yaikulu imeneyi, malinga ndi zimene aphungu anauzidwa, imadya ndalama zoposa R600 miliyoni pa sitima imodzi.

Pofika 2023, mwa ma frigate anayi aja ndi Amatola yokha imene inali italowako ku sevisi yotere, ku Durban mu 2014 ndi 2015, ndipo sinali yathunthu. Mwa zitatu za pansi pamadzi ndi Manthatisi yokha imene inali itamaliza sevisiyo. Zinazo nthawi yake inakwana, inadutsa, zisanakonzedwe. Mu bajeti ya 2023 nthambi ya zachuma inatulutsa R1.4 biliyoni ya ntchitoyi, ndipo mu 2024 Isandlwana inapita ku Durban kukakonzedwa. Werengani nokha kuti R1.4 biliyoni ikonza sitima zingati mwa zisanu zimene zinali zisanakonzedwe.

Mwini minibasi aliyense akudziwa chimene chimachitika ndalama ya sipeya ikasowa. Uli ndi minibasi ziwiri, ina yafa giyabokosi, ina yafa sitata. Umachotsa sitata ya yoyambayo n'kuika pa yachiwiri kuti imodzi iyendeko. Mawa umakachotsanso tayala, mkuja galasi. Pakutha pa chaka yoyamba ija yakhala pamiyala, nkhuku zikuikiramo mazira. Asilikali apamadzi nawonso amatero, kungoti sipeya yawo sapita kukaigula kumsika. Imachokera ku Germany kapena ku France, amalipira ndi ndalama zakunja pamene randi ikugwa, ndipo isanaitanitsidwe imayenera kudutsa m'maofesi ogula katundu wa boma, m'mene pepala limodzi limatha miyezi. Malo okonzera sitima a ku Simon's Town, amene amayendetsedwa ndi bungwe la boma la Armscor, ataya amisiri ambiri odziwa ntchito: ena anakalamba, ena anapita kwina. Kampani ya boma yopanga zida ya Denel, imene imapanga mizinga ya Umkhonto yotetezera ma frigate ku ndege za adani, inafika polephera kulipira antchito ake mu 2020 ndi 2021, mainjiniya ake ambiri n'kubalalikira kumayiko a Aarabu.

Pali lamulo limene asilikali apamadzi padziko lonse amalidziwa: kuti sitima imodzi ikhale panyanja nthawi zonse, uyenera kukhala nazo zitatu kapena zinayi. Ina ili pantchito, ina ikuphunzitsa anthu ndi kukonzekera kukalanda inzake, ina ili kugalaja. Ma frigate anagulidwa anayi pachifukwa chimenechi. Ndiye ziwiri kapena zitatu zikakhala kugalaja nthawi imodzi, yotsalayo imagwira ntchito ya onse mpaka nayonso itagwa. A ku Likoma ndi Chizumulu safunika kuwafotokozera zambiri. Ilala ikangolowa ku Monkey Bay kukakonzedwa, mtengo wa sopo ndi ufa pachilumba umadziwika tsiku lomwelo.

Anthu nawonso amachita dzimbiri

Chimene sichioneka pazithunzi ndi chakuti sitima ikagona, luso la anthu ake limagonanso. Msilikali wapamadzi saphunzira ntchito m'kalasi mokha. Kuti wachinyamata apatsidwe chilolezo choyendetsa sitima usiku mkulu wake ali mtulo, ayenera kukwanitsa maola ake panyanja: aone chifunga, aone namondwe, alakwitse pamaso pa womuphunzitsa. Makaniko ayenera kuzolowera kulira kwa injini mpaka khutu lizimuuza lokha kuti china chake chalakwika. Maola 2,641 akagawidwa kwa anthu zikwi zingapo, aliyense amapeza kachidutswa. Zotsatira zake ndi anthu okwezedwa maudindo ndi zaka za pantchito koma osaidziwa nyanja, pamene amene akuidziwa amakopedwa ndi makampani a sitima zamalonda olipira madola. Malipiro a otsalawo, pamodzi ndi a asilikali ena onse, amadya ndalama zoposa theka la bajeti ya unduna wonse. Zotsala ndiye zigulire mafuta, masipeya, zipolopolo ndi chakudya.

Pa 20 Seputembala 2023 SAS Manthatisi inali pamwamba pamadzi kufupi ndi Kommetjie, dera loyandikana ndi Masiphumelele kumene kumakhala Amalawi ambiri ogwira ntchito m'nyumba ndi m'minda ya maluwa. Inkapita ku Cape Town kukaonetsedwa kwa anthu pa chikondwerero cha asilikali apamadzi, ndipo panjira ankayeserera kulandira katundu kuchokera pa helikoputa. Pamsana pa sitima yotere m'poterera, mulibe mpanda wogwira. Mafunde aakulu anabwera motsatizana n'kukokolola anthu asanu ndi awiri. Anthu ongodzipereka a bungwe lopulumutsa anthu panyanja anathamangirako ndi maboti awo, koma atatu anamwalira: Gillian Hector, William Mathipa ndi Mmokwapa Mojela. Mayi Hector anali wachiwiri kwa mkulu wa sitimayo, ndipo ankadziwika kuti ndi mayi woyamba mu Africa kuyendetsa sitima ya pansi pamadzi.

Komiti yofufuza inapeza kuti chinachititsa ngoziyo ndi mafunde achilendo, ndipo sichingakhale chilungamo kuikankhira pa kusowa kwa ndalama. Chimene ndikuitchulira n'chakuti anthu odziwa ntchito ya pansi pamadzi ku South Africa ndi ochepa, amadziwana mayina onse. Atatu amenewa anali ndi zaka zambiri za luso, ndipo wowalowa m'malo sangaphunzire pa sitima yomangidwa padoko.

Kuwerenga lipoti ndi diso lakuthwa

Nambala ya maola ili ndi mbiri yake. Zaka za m'mbuyomo mulingo unali maola 12,000 pachaka. Utakanika kwa zaka zingapo unatsitsidwa kufika pa 10,000, kenako pa 8,000. Gombe silinafupike, mbava sizinachepe. Chinatsika ndi ndalama, ndiye mulingo unatsatira ndalamazo. Zili ngati mphunzitsi amene waona kuti mwana sakukhoza, n'kutsitsa malikisi okhozera, mwanayo n'kulepherabe. Maola 2,641 ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a mulingo watsopanowo. Pa mulingo wakale wa 12,000 sangafike n'kotala komwe. Chifukwa chimene lipoti limapereka sichisintha chaka ndi chaka: sitima sizinapezeke kaamba ka kuchedwa kwa ntchito yokonza.

Maolawo nawonso si ofanana. Lipoti limawagawa pawiri: ophunzitsira ndi kuyesera zipangizo, ndi ogwirira ntchito yeniyeni monga kulondera malire. Boti laling'ono lozungulira mu False Bay, pafupi ndi doko la Simon's Town, ndi ophunzira limaonjezera pa chiwerengero chimodzimodzi ndi frigate imene ili kutali ikusaka asodzi akuba. Choncho maola amene nyanja inalonderedwadi ndi ochepa kuposa 2,641 aja. Ndipo funso limene aliyense angafune kufunsa, lakuti ndi sitima zingati zingamenye nkhondo lero, mizinga yake ikugwira ntchito ndi anthu ake atakwana, yankho lake m'lipoti amalemba kuti n'chinsinsi. Chifukwa chake n'chomveka, mdani samuuza pamene pali chilonda. Koma chinsinsi chomwecho chimabisanso manyazi, ndiye anthu wamba atsala ndi kazenera kamodzi kosuzumirapo, ka maola.

Nyanja yaikulu chotere sailondera ndi sitima zokha. Pamafunika ndege youluka maola ambiri kuti ione kumene kuli chokayikitsa, sitima ipite molunjika. Ndege zenizeni za ntchitoyi, za mtundu wa Shackleton, zinapuma mu 1984. M'malo mwake munalowa ma Dakota, ndege zomangidwa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse zimene anangozisintha injini, ndipo nazonso zinatopa n'kuleka kuuluka. Mahelikoputa a Super Lynx ogwira ntchito ndi ma frigate anagulidwa anayi okha.

Chimene chimamveka kwambiri m'nyuzipepala ndi masewera oyeserera nkhondo ndi mayiko ena. South Africa imachita nawo otere ndi Germany, France, India ndi Brazil, koma amene anautsa mapiri pachigwa ndi a mu Febuluwale 2023 kufupi ndi Durban ndi Richards Bay, pamodzi ndi Russia ndi China, pa sabata yomwe nkhondo ya ku Ukraine inkakwanitsa chaka. Miyezi iwiri m'mbuyo mwake sitima ya katundu ya ku Russia, Lady R, inali itakocheza pa Simon's Town, ndipo kazembe wa America, Reuben Brigety, anadzanena kuti inanyamula zida. Komiti imene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anakhazikitsa inati sinapeze umboni. Mkanganowo unali wa ndale, ndipo unaphimba funso losavuta: pamasewera onsewa, mwini nyanja amabwera ndi sitima zingati?

Mayeso a ku Mozambique

Pamene mphamvu za asilikaliwa zinayesedwa poyera ndi pakhomo pathu pomwe. Mu Disembala 2010 achiwembu a ku Somalia analanda sitima yausodzi ya Vega 5 m'nyanja ya pakati pa Mozambique ndi Madagascar. Anthu anadzidzimuka, poti palibe ankaganiza kuti angafike kum'mwera chonchi. Kumayambiriro kwa 2011 South Africa inayamba ntchito yotchedwa Operation Copper: sitima imodzi inkakhala kudoko la Pemba, kumpoto kwa Mozambique, ikatopa inzake n'kudzailanda. Mu 2012 Drakensberg inathandiza kugwira achiwembu ena kufupi ndi Tanzania. Zaka zoyambirirazo ntchitoyi inayenda, ndipo sitima zamafuta zopita ku Beira ndi Nacala zinkadutsa mwamtendere. Koma ulendo uliwonse wa ku Pemba unkadya moyo wa injini zimene sizinkalandira sevisi yake. M'kupita kwa zaka maulendowo anayamba kutalikirana, ndipo zaka zina ankangolembedwa papepala.

Mu Malichi 2019 namondwe wa Idai, yemwe uja anasiya maliro ku Nsanje ndi Chikwawa, anaphwasula mzinda wa Beira. South Africa inatumiza mahelikoputa amene anapulumutsa anthu ambiri pamitengo ndi pamadenga. Koma sitima zankhondo zoyamba kukocheza pa Beira ndi madokotala, madzi ndi chakudya zinali zitatu za ku India.

Kenako kunabwera nkhondo ya ku Cabo Delgado, chigawo cha kumpoto kwa Mozambique. Zigawenga za kumeneko zimaidziwa nyanja: zimazemba pa mabwato pakati pa tizilumba, ndipo mu Ogasiti 2020 zinalanda doko la Mocímboa da Praia n'kuligwira chaka chathunthu. Zitaukira Palma mu Malichi 2021, kampani ya TotalEnergies inaimitsa ntchito yake ya gasi ya madola 20 biliyoni. SADC inatumiza asilikali mu Julayi chaka chomwecho. Kunyanja South Africa inayamba yatumiza SAS Makhanda, sitima yaing'ono yomangidwa m'zaka za m'ma 1980, kenako Spioenkop mu 2022. Zinkapita n'kubwerera, osakhala wolanda. Nkhondo imene mdani wake amadyera panyanja inamenyedwa kwa nthawi yaitali nyanjayo ili pululu, mpaka asilikali a SADC anachoka mu Julayi 2024, a ku Rwanda n'kutsalira.

Pamwamba pa zonsezi, kuyambira kumapeto kwa 2023 zigawenga za Houthi za ku Yemen zinayamba kuombera sitima pa Red Sea, makampani akuluakulu n'kusiya njira ya Suez kumazungulira ku Cape monga zinalili pakati pa 1967 ndi 1975. Sitima zodutsa m'madzi a South Africa zinachuluka m'chaka chomwecho chimene asilikali ake anakhala panyanja masiku 110.

Ndalama zichokera kuti

Boma silinganene kuti silinachenjezedwe. Kafukufuku wake womwe wa zachitetezo, amene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2015, ananena poyera kuti asilikali a dzikolo akulowa pansi moopsa. Chichokereni nthawi imeneyo gawo la chuma cha dziko lopita ku chitetezo lapitirira kuchepa, ndipo tsopano silifika ngakhale 1 pa 100. Mkulu wa asilikali apamadzi kuyambira 2022, Vice Admiral Monde Lobese, wakhala akudandaula pagulu mosabisa mawu, zimene sizichitikachitika kwa munthu wovala yunifolomu.

Koma a nthambi ya zachuma nawo ali ndi pogwira. M'dziko limene anthu oposa 30 pa 100 alionse ofuna ntchito alibe ntchito, mamiliyoni akudalira ndalama za chithandizo za boma, makampani a boma a magetsi ndi a njanji, Eskom ndi Transnet, ali m'ngongole mpaka m'khosi, n'kovuta kuuza mayi wa ku Khayelitsha, dera la anthu osauka ku Cape Town, kuti R600 miliyoni ipite kukakonza sitima yosaka adani amene iye sanawaonepo. Ine ndimaona kuti cholakwa chachikulu si kuchepa kwa ndalamazo, koma kukana kusankha. Dziko lingathe kunena kuti tikufuna sitima zonse zisanu ndi ziwirizi, n'kulipira mtengo wake. Lingathenso kunena kuti sitingakwanitse, tisunge ziwiri kapena zitatu zoyenda bwino, zinazo tizipumitse. Chimene lachita kwa zaka zoposa khumi ndi kusunga zonse papepala, kulipira anthu ozikhalira, n'kumana sitimazo masipeya. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Pali kachiyembekezo pang'ono. Sitima zitatu zatsopano zolondera kufupi ndi gombe, zotalika mamita 62, zamangidwa ku Cape Town komweko ndi kampani ya Damen: King Sekhukhune I inaperekedwa mu 2022, King Shaka Zulu mu 2023, yachitatu ndi Adam Kok III. Sizimwa mafuta ambiri, sizifuna anthu ambiri, ndipo amisiri ake ali pafupi. Zingathe kukweza chiwerengero cha maola, ndipo lipoti likadzaoneka bwino m'zaka zikubwerazi, muyambe mwafunsa ngati maolawo ndi a zimenezi. Sizinyamula helikoputa, sizingasake sitima ya pansi pamadzi, ndipo sizinamangidwire mafunde a ku Marion, makilomita oposa 1,700 kuchokera kugombe. Zazikulupo zimene zinayenera kugulidwa limodzi nazo kuti zizipita kutali zinaimitsidwa, ndalama zitasowa.

Drakensberg, sitima yokhayo yonyamulira zinzake mafuta ndi chakudya pakati panyanja, inayamba ntchito mu 1987. SAS Protea, yojambula mapu ija, inayamba mu 1972, ndipo inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, yomweyo imene inamanga Ilala yathu mu 1949. Yodzailowa m'malo, imene idzatchedwe SAS Nelson Mandela, anayamba kuidulira zitsulo ku Durban mu 2018. Pofika kumapeto kwa 2024 inali isanaperekedwe, Protea ili ndi zaka 52.